Elvis ndi Njovu ya Mabulangete

Inu amene mwatopa ndi kunamiziridwa, imvani za Elvis wa ku Kakumbi.

Tsiku limene anaika bambo ake m'manda, anthu obwerera kusiwa anali owerengeka. Bambo akewo, a Japhet, anali sikauti wa m'mudzi, wolondera minda ku nyama zakutchire. Njovu inawaponda akuithamangitsa m'munda wa munthu wina. Elvis anali ku koleji ku Chipata. Anakwera minibasi ndi kachikwama kamodzi, ndipo kusukulu sanabwererenso.

Chimene chinabalalitsa anthu pamaliro ndi kanema wa pafoni. Munthu wina, amene mpaka lero sadziwika, anatenga chithunzi cholengezera maliro n'kuchiyankhulitsa ndi makina a pa intaneti. Nkhope inali ya a Japhet, mawu ngati awo omwe. Inkati: "Sindinafe. Ife masikauti timasanduka njovu. Timadya minda yanu kuti muthawe, malo agulidwe ndi eni maloji ogona alendo odzaona nyama."

Posakhalitsa Mfuwe yense ankanena kuti m'bokosi munali thunthu la nthochi. Anthu amene a Japhet anawalondera minda zaka zonse ndi omwe ankatumizirana kanemayo. Kutumiza sikulemera, chala chimodzi chimakwana.

Mayi ake a Elvis, a Everlyn, palibe anabwera kudzawapepesa. Kuno wamasiye salira yekha. Amayi anzake amabwera, kukhala naye pansi, kulira naye. Iwo kulira kunawaima pakhosi. Tomato wawo pamsika ankangowola. Anayamba kumanga katundu kuti abwerere kwawo kumtunda.

"Nanga manda a atate tisiyira ndani, amama?" anafunsa Elvis.

"Manda ati? Si akuti muli nthochi?"

Elvis ankadana naye kanemayo, koma ankamuonera tsiku ndi tsiku. A Japhet sankakonda kujambulitsa, choncho bodzalo ndi lokhalo limene linkaonetsa maso awo akuphethira. Ankatseka mawu n'kumangoyang'ana.

Kukoleji anali ataphunzirako za makompyuta, ndiye anayesa kufotokozera anthu pamsika momwe nkhope imabedwera. Anamuyankha kuti mwana wa njovu sangawauze kanthu.

Mnzake Clever, wokonza mafoni pa Mfuwe, anapukusa mutu. "Iwe, ukuwalalikira? Anthu awa uwaopseze kaye, kenako aseke. Munthu akaseka makutu amatseguka."

Anagwirizana zopanga filimu yoopsa koma yoseketsa, ya foni yoba nkhope ya aliyense wotumiza uthenga asanafunse. Kamera inali foni yosweka galasi. Magazi anali tomato wowola uja. Njovu anaisoka ndi mabulangete awiri otuwa, chitamba chake paipi yothirira kudimba.

Tsiku loyamba kujambula, alimi anaona njovuyo m'mphepete mwa munda. Anaimba zitini n'kuyatsa ndowe zosakaniza tsabola, monga amachitira ndi njovu zenizeni. Clever anatuluka m'bulangete akutsokomola, maso ali psuu.

"Ndine Clever, amalume! Si ine ndinakukonzerani foni dzulo?"

Amalumewo anali atathawa kale. Pofika madzulo panali mboni zolumbira kuti zaona ndi maso munthu akutuluka m'mimba mwa njovu. Bodza linanenepa. Atsikana awiri amene ankasewera nawo filimuyo analetsedwa ndi makolo awo. Elvis anagona masiku osatuluka m'nyumba. Kenako anadzuka, nachapa mabulangete, nayambiranso kuseri kwa nyumba yawo, mbali za atsikanawo akusewera Clever atavala chitenje.

Filimu itatsala pang'ono kutha, Clever anati: "Makina tikuwadziwa. Tiye tiwayankhulitse a Japhet, anene okha kuti anafadi."

Elvis anayesa, ali yekha. Koma zala zake sizinalembe zimenezo. Zinalemba kuti, "Mwana wanga, waswera bwanji?" Nkhope inayankhula. Iye anamvetsera kangapo. Bambo ake sankayamba mawu osatsokomola kaye pang'ono, ndipo makina sankadziwa zimenezo. Anafufuta.

"Awanamizira kokwanira," anauza Clever. "Ine sindiwonjezerapo, ngakhale bodza lokoma."

M'malo mwake anakapempha nkhope ya a Paskale, chidakwa chodziwika Kakumbi yense. "Tenga, mwana wa Japhet," anatero a Paskale. "Nkhope imeneyi sinandipindulirepo kanthu."

Anaonetsa filimuyo Loweruka masana m'shedi ya thonje, pa TV yobwereka, mazenera atatseka ndi masaka. Anthu anadzaza, ambiri pofuna kuona ufiti wa mwana wa njovu. Foni itameza nkhope yoyamba, amayi ena anakuwa. Clever atatulukira ndi chitenje, anaseka. Kenako panaoneka a Paskale atavala tayi, akuti: "Abale, ine mowa ndinasiya kalekale. Ndimamwa tiyi basi."

A Paskale enieni anali pabenchi yakutsogolo, botolo lili m'manja.

"Bodza!" anthu anakuwa.

"Koma nkhope ndi yawo! Mawunso!"

A Paskale anadzuka akudzandira. "Ameneyo si ine! Tiyi amandidwalitsa!"

Shedi inagwedezeka ndi phwete. Koma kusekako kunayamba kuzima kokha, benchi ndi benchi. Elvis anaima pambali pa TV.

"A Paskale adzikanira okha," anatero. "Atate anga sangadzuke kudzakana."

Sikuti onse anakhulupirira. Alipo mpaka lero amene amati filimuyo inalipiridwa ndi eni maloji. Elvis sanalemere nayo, ndipo kukoleji sanabwererebe, ngakhale aphunzitsi a ku Chinzombo amamuitana kuti akaonetse ana.

Koma Lolemba lotsatira m'mawa, a Juliet, mmodzi mwa oyamba kufalitsa kanema wabodzayo, anafika pakhomo ndi amayi anzawo. Sanapemphe mpando. Anakhala pansi pafupi ndi mitolo ya katundu.

"Amake Elvis, tachedwa. Pepani ndi maliro."

A Everlyn anawayang'ana. Kenako anatsegula pakamwa n'kulira maliro a mwamuna wawo, mokweza, kwa nthawi yoyamba, amayi onse akuwalandira. Elvis anakhala pakhonde, naye analira. Katundu anamasulidwa tsiku lomwelo.

A Japhet sanabwerere, ndipo sadzabwerera. Filimu siukitsa munthu. Koma akugona m'manda mwawo ndi dzina lawo, ndipo mkazi wawo ali pafupi kuti azipalirapo udzu ukamera.

Kaya chimene chakutsalirani n'chiyani, foni yosweka, bulangete, mnzanu mmodzi wopenga, chinyamuleni. Adzakusekani, adzakufukizani tsabola. Tsokomolani, chapani bulangete, yambiraninso. Mtima wanuwo musautaye, alipo wina amene sangadziyankhulire, akudikira inu.