Mphaka Amene Adona Anandisiyira

Adona amene ndinkawagwirira ntchito ku Fourways, kumayadi a mu Joni, atasamukira kunja, katundu anapita pa sitima, galu anakwera ndege, ine ndi mphaka tinatsala. Anati mphakayo ndi wamantha kwambiri, ulendo ungamuphe. Zoti ine ndidya chiyani sanazitchule. Anandipatsa thumba la chakudya chake ndi kabasiketi konyamulira, n'kundikumbatira akulira, koma misozi yambiri inali ya mphakayo.

Mantha ake anali enieni. Anali wamkulu kale, wotuwa, koma belu la pageti likangolira ankathawira kuseri kwa makina ochapira mpaka madzulo. Ankadzinyambita pamimba mpaka ubweya kuthothoka. Poyamba sindinkamufuna n'komwe, kwathu mphaka amagwira makoswe, sadya za m'chitini. Koma ukamakhala tsiku lonse m'nyumba ya eni wopanda wocheza naye, umapezeka ukufotokozera mphaka za ana ako amene unawasiya kumudzi.

Ndinapita naye ku Alexandra, m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ya eni. Apa ndiye ndinaputa mavu. Kulokeshoni mphaka sachedwa kutchedwa wa ufiti, ndiye uyu anabwera ndi Mmalawi, mtundu umene amati timayenda ndi zitsamba m'chikwama. Kuonjezera apo sankatuluka. Anthu ankangomva kulira kwake osamuona, ndipo mwana wa neba atadwala, maso onse anali pa chitseko changa. Amasitandi, mayi mwini malowo, anandipeza pampopi ndikutunga madzi.

"Wena Malawi, leli kati lakho asilifuni lapha," anatero m'Chizulu, mokweza kuti onse amve. Anati mphaka wangayo sakumufuna pamalopo, ndisankhe, mphaka kapena chipinda.

Ndinali kuno nthawi imene alendo tinkathamangitsidwa ndi zikwanje, ndikudziwa mmene zimayambira. Ndinachita mantha, ndipo ndinakwiyira adona aja kwambiri.

Ndinayamba kufunsa anzanga a kutchalitchi ku Cosmo City. Mayi wina wa m'kwaya anaseka mpaka kugwira nthiti. "Iii asisi, ife tikulira ndi mapemiti, inu mukulira ndi pusi? Kamutayeni kudampu, akadzionere yekha." Bambo wina anamufuna kuti azikamugwirira makoswe m'shaki mwake. Ndinakana, makoswe a kuno akanamudya ndi iyeyo.

Pamapeto pake mlamu wanga, amene amagwira ntchito ya m'gadeni, anandipezera mzungu wina wa ku Fourways komweko wofuna mphaka wamkulu. Nditafika ndi mphakayo, mzunguyo anandikhazika kukhitchini n'kuyamba mafunso. Amaopa chiyani? Amagona pati? Kodi anadandaula pamene abwana ake anachoka? Mu Joni muno palibe anandifunsapo mafunso otere za ine mwini. Ndinayankha zonse, kenako ndinadzilimbitsa mtima n'kupempha ganyu, ngakhale ya tsiku limodzi pa sabata. Anati pepani, wantchito ali naye kale. Nditatsegula kabasiketi, mphaka anathamangira kunsi kwa bedi osacheuka n'komwe.

Chipinda ndinachipulumutsa. Amasitandi anayambanso kundiyankha moni, koma ndikalowa m'nyumba munkangoti zii.

Patapita masiku, mzungu uja anaimba foni. Mphaka sakudya, sakutuluka, akuonda. Ndinati basi andiitana, mwina ntchito yapezekera pomwepa. Ndinali nditayamba kale kuyang'ana apuloni yanga.

"Musavutike kubwera, alonda a pageti amavuta," anatero. "Ingojambulani mawu anu pafoni mukumuitana, munditumizire."

Ndinafuna kukana, koma ndinaganizira mimba yothothoka ubweya ija ili kunsi kwa bedi la eni. Ndinatseka chitseko, n'kutsekanso zenera, chifukwa aneba akanandimva ndikuitana mphaka amene kulibe, nkhani ya ufiti ikanapsa tsiku lomwelo. Ndinakhala pabedi n'kuyandikitsa foni kukamwa.

"Bwera mwanawe, bwera udye. Usaope, ndine."

Mawa lake uthenga unafika wodzaza ndi timitima tofiira. Watuluka, wadya, ndipo mzunguyo anati azimuikira mawuwo m'mawa uliwonse. Anandithokoza kwambiri, anati ndine mngelo.

Mpaka lero mawu anga amalowa ntchito ku Fourways m'mawa uliwonse, pageti safunsidwa pemiti. Ine ndimakhala ndili pamaloboti ndi amayi anzanga, kudikira galimoto imene ingaime kudzatipatsa ganyu.