Injini Yoyera ya a Latifu

A Latifu a ku Liwaladzi amadziwika ndi ukhondo. Pamene anali asodzi, bwato lawo silinkanunkha nsomba. Atagulitsa maukonde n'kugula galimoto yonyamula anthu pakati pa Dwangwa ndi kuboma, khalidwe lija analowa nalo mumsewu. Lachisanu lililonse, asanapite kumzikiti, ankatsikira nayo kunyanja, kutsuka matayala ndi mipando, kenako kutsegula boneti n'kukhuthulira injini ndowa za madzi mpaka iwale.

Galimotoyo inali yamakono, yoyendera kompyuta. Posakhalitsa kanyali kachikasu kanayamba kuyaka padashibodi, injini n'kumatsokomola. Pakati pa sabata inkachira yokha, Loweruka n'kudwalanso.

Mwana wawo Bushra anali pafupi kukwatiwa, mwambo ukachitikira ku Benga, ndipo a Latifu anali atalonjeza pamaso pa akuchimuna kuti mkwatibwi adzafika pa galimoto ya bambo ake. Choncho anapita kwa Raston, makaniko wa pa Dwangwa, amene ali ndi kamakina kofunsira galimoto matenda ake.

Raston analumikiza kachingwe kunsi kwa chiwongolero n'kuwerenga manambala.

"Akuti sensa ya mpweya. Dikirani, akutinso ya mafuta. Madala, galimoto yanuyi ikudandaula paliponse ngati apongozi anga."

"Komatu ndimaisamala ine," anatero a Latifu.

Raston anazula pulagi ina ya mawaya. Munatuluka madzi ndi timchenga. Anazula inanso, tizitsulo take titachita kubiriwira.

"Mumawedza nayo?"

"Ndimangoisambitsa."

"Injini? Ndi ndowa? Si bwatotu ili, madala. Lisiyeni fumbi likhale. Fumbi silinaphepo kompyuta."

Anaumitsa mapulagi onse, kanyali kaja kanazima, injini n'kulira bwinobwino.

A Latifu anapirira. Lachisanu linadutsa boneti ili chitsekere, ngakhale kumzikiti ankadzimva ngati munthu amene wasamba mwendo umodzi.

M'mawa wa tsiku la ukwati anatsuka kunja kokha n'kumangirira maliboni. Kenako anakumbukira a Sadick, amalume a mkwati, munthu wokonda kusuzumira m'maboneti a anzake. Anatsegula kuti angoona. Fumbi linali katakata, ndi nkhungu zakufa, tizilombo ta m'nyanja tija, zitamatirira paliponse.

"Theka la ndowa basi," anadziuza.

Galimoto inazima atangodutsa kuboma. Anailiza, anaikankha, osatheka. Bushra anakafika ku Benga pa minibasi, atakwinyira diresi m'manja, atapanikizana ndi madengu a usipa.

A Latifu anatsala m'mphepete mwa msewu, atavala mkanjo wawo woyera, boneti ili yotsegula. Anthu odutsa ankaima n'kusuzumira, ndipo onse ankavomereza kuti injini yoyera chotero sanaionepo.