Tcheni cha Njinga M'chiuno mwa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, titangobwerako kothawa nkhondo ku Malawi, pamene kolera inalowa kwathu ku Milange, ku Mozambique. Boma linatseka msika ndi chipata cha m'malire chopita ku Muloza, n'kulamula kuti aliyense akhale kwawo. Mudzi unangoti zii, zitsime zikununkha mankhwala.

Kenako unabwera uthenga woti amalume awo a bambo amwalira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Matenda ake omwewo.

Bambo anatulutsa njinga, koma anaipeza ilibe tcheni. Amayi anali atachichotsa n'kuchimanga m'chiuno, mkati mwa chitenje.

"Mayi a Zuze, tcheni changa chili kuti?"

"Chili pano. Bwerani mudzachimasule anthu akuona."

"Amalume anga aikidwe ngati galu?"

"Nanga ana anuwa aikidwe ngati chiyani?"

Zuzeyo ndine, ndipo mtima wapachala ndinabadwa nawo. Ndinakalipira amayi kuti akutichititsa manyazi, kuti abale adzatitcha afiti.

Bambo anapita wapansi, limodzi ndi a Fakisoni oyandikana nafe nyumba. Apolisi anali pamlatho, koma Ruo ali ndi madooko ambiri, ndipo nkhondo inatiphunzitsa onsewo. Kumaliroko anasambitsa thupi, anadya, n'kusamba m'manja m'beseni limodzi ndi khamu lonse, monga mwa mwambo.

Pobwera, amayi anawaimitsa pamtengo wa mango. "Kukhumbi la kumunda, bambo. M'nyumbamo muli khanda."

Bambo anatukwana, koma anapita. Posakhalitsa m'mimba munatseguka. Amayi okha ndiwo ankapitako ndi madzi owiritsa othira mchere ndi shuga, ndipo pobwera ankadzitsuka ndi sopo mpaka manja kusuwa. Ine anandiletsa kudutsa chulu cha m'malire mwa munda. Ndinkaima pachulupo kumvetsera bambo akubuula. Akasiya kubuula, ndinkatchera khutu koposa, poopa kuti atisiya. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana nkhope ya amayi akamachokera kukhumbi, kuti ndidziwe ngati ndikadali ndi bambo.

A Fakisoni anafikira m'nyumba mwawo, akazi awo n'kuwalandira mwaulemu. Pakhomo pamenepo panatuluka maliro a ana awiri. Mmodzi anali mnzanga wosewera naye mpira wachikulunga. Bambo anatuluka m'khumbi muja ataonda ngati bango, koma amoyo, ndipo kwathu sanadwalenso wina.

Nthawi ya korona, malire atatsekedwanso, anzanga pamsika ankakangana ngati kutsekera dziko lonse kumathandiza. Ine ndinawauza mosapsatira: kumachedwetsa matenda, inde, koma boma limangotseka mlatho. Madooko amatsekedwa ndi munthu wa m'nyumba, wolola kudedwa ndi abale ake.

Achibale a bambo sanawapatsenso moni amayi mpaka amayiwo anamwalira. Tcheni chija amayi anachibweza panjinga tsiku limene msika unatsegulidwa, atachipaka mafuta.