Tsiku Limene Tinalira Agogo Ali Moyo

Dzina la agogo aamuna, a Nkhoma, likangotchulidwa, ndimamva fungo la malata otentha ndi utsi wa makala, ndipo m'makutu mumalira kanyundo kawo kamene kankadzutsa mudzi wathu wonse kufupi ndi Dambe. Anali okhoma zidebe. Ankakhala chonjuta tsiku lonse pansi pa mtengo wa manachesi, ine mdzukulu wawo wamkazi ndikukupiza moto, iwo akunyogodola ndale za matipate zimene zinali zitangofika kumene, ati zipani zachuluka koma ndowa zikudonthabe.

Chaka chimenecho kuchipatala anawapeza ndi matenda othamanga magazi, aja timangoti BP, n'kuwapatsa timapiritsi toyera. Wosunga anali agogo aakazi, Anangozo, amene ankatimangirira pansonga ya chitenje. Amuna awowo ankawakonda koopsa, ngakhale pakamwa ankangowatcha nkhalamba yovuta. M'mudzi monse tinkadziwa chinthu chimodzi, kuti BP imakwera. Zoti imathanso kutsika sitinkazidziwa. Ndiye agogo akadzuka pantchito n'kudandaula chizungulire, Anangozo ankamasula mfundo ija.

"Yakweranso imeneyo. Imwani kena, a Nkhoma, musandisiye pamphepo ine."

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, agogo atamwa kale kapiritsi kam'mawa ndi kena kowonjezera, kunatulukira mkamwini wawo wa ku Matope atanyamula nsomba zouma. Agogo anadzambatuka kuti akamulandire. Asanaponye n'komwe phazi, maso anatembenuka, thupi lonse khu! pazidebe.

Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa. Amalume anabwera chothamanga, ndipo Anangozo analamula kuti awakhazike tsonga.

"Musawagoneke! Magazi athamangira kumutu. Komanso munthu wamkulu agone chagada pamaso pa mkamwini, munaziona kuti?"

Anawatsamiritsa kukhoma, amalume atawagwira m'khwapa, mutu uli lende. Anawawaza madzi, anawaitana, koma nkhope inkangotuwirabe, manja ali ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Gogo wina woyandikana nafe anawagwira pamkono, n'kupukusa mutu. "Atisiya," anatero.

Maliro anabuka pomwepo. Anawanyamulira m'nyumba n'kuwagoneka pamphasa monga tichitira ndi womwalira, uthenga n'kunyamuka kupita kwa abale. Ine ndinaima pakhomo ndikuyang'ana mapazi ong'aluka a agogo. Kenako chala chachikulu chinagwedezeka. Agogo anatsokomola, anatsegula maso, n'kuyang'ana azimayi amene ankabuma aja.

"Kodi wamwalira ndani?"

Mkamwini uja anaiwala ulemu wonse, anadumpha miyendo ya apongozi ake aakazi potuluka. Ena anathawa osatenga patapata zawo. Kunena zoona, nanenso mkodzo unandipulumuka.

Anawatengera kuchipatala pamachira, ine ndikutsatira nditanyamula madzi. Adokotala, bambo wochokera kumpoto, anawapima pamkono, n'kubwerezanso, nkhope itasintha.

"Amayi, BP yawo yatsikitsitsa. Mankhwala akumwa bwanji?"

Anangozo anafotokoza monyadira kuti sankaphonya, ndipo chizungulire chikangobwera ankawonjezera. Adokotala anayankhula pang'onopang'ono.

"Chizungulirecho chinkabwera chifukwa BP inali itatsika, ndipo kowonjezerako kankaitsitsiratu. Powakhazika tsonga, magazi sankafika kumutu. Chawapulumutsa n'choti munawagoneka pansi."

Anangozo anakhala pansi pasimenti, miyendo itatambalala, mpango utagwa kumutu iwo osautola. Anayang'anitsitsa manja awo, kenako anafunsa.

"Adokotala, ndiye kuti tikanapanda kutaya mtima, tikanapitiriza kuwasamala, bwenzi titawapha?"

Adokotala anawerama n'kuyamba kulemba m'kabuku ka agogo.

Mankhwala anawachepetsera, ndipo agogo anaphunzira kudzuka pang'onopang'ono atagwira kaye mtengo. Anakhala zaka zina zambiri, akumaseka kuti maliro awo anawaonera okha ndipo anaona amene ankalira mwachinyengo. Mudzi wonse unkaseka nawo. Anangozo okha sanasekeko ngakhale kamodzi.

Lero munthu wachikulire akagwa pamsika kapena m'tchalitchi, ndimakankha anthu, ndimamugoneka pansi n'kumukweza miyendo, wina athamangire kuchipatala. Amandinena kuti ndilibe ulemu, mayi wamkulu ngati ine. Ndimawasiya anene. Iwo sanamuone mkazi atakhala pasimenti, akuyang'anitsitsa manja ake ngati ndi a munthu wina.