Mkulu Amene Anatopa Kudikira

Njinga yamoto ikalira pa msewu wa ku Furancungo, mkulu woyandikana ndi Telma amasiya khasu n'kutchera khutu mpaka phokosolo lizilale. Mwana wa mkuluyo, wapolisi woyenda pa njinga yamoto, anaphedwa ndi akuba ng'ombe chaka chatha. Nsapato zake za ntchito amazipukutabe Loweruka lililonse. "Wapolisi akamatsazika m'mawa, muzimuyang'anitsitsa," amatero.

Dzulo anapeza Telma akulira, khanda kumsana. Mwamuna wake Policarpo, wapolisinso, amutuma kukalondola akuba omwewo.

"Agogo, akabwerako?"

Mkuluyo sanamunamize. "Kaya, mwana wanga. Wanga ndinamudikira pakhomo, ndinalandira bokosi."

Kenako mkuluyo anayang'ana mawondo awo otupa.

"Tchire lakumalirelo ndinadyetsamo ng'ombe ndili mnyamata. Mawa apolisiwo ndikawatsogolera ndine."