Dazi la a Tembo ndi Duku la Agogo

Ndikakumbukira agogo anga Anabanda, ndimamva fungo la tsitsi lopserera pa chipeso chachitsulo chimene ankachiotcha pa mbaula ya malasha, litasakanikirana ndi fungo la mafuta odzola ndi kautsi koyabwa kukhosi kamene kankachokera ku mgodi mphepo ikatembenuka. Loweruka lililonse khonde lathu ku komboni ya ku Hwange linkadzaza amayi dzuwa lisanakwere, ena pa mkeka, ena pa zidebe zozondotsa, ana akulira kumsana, sitima ikukuwa chapatali ku Thomson Junction, ndipo pakati pa zonsezo pankakhala agogo pa kampando kawo, mutu wa munthu uli pakati pa mawondo, ulusi wakuda ataluma ndi mano, pakamwa osapuma ngakhale pang'ono.

Kwa agogo munthu sankabwera kudzanena tsitsi limene akufuna. Ankabwera kudzauzidwa. Ukangokhala pansi, ankakugwira chibwano ndi zala ziwiri, n'kukutembenuzira ku kuwala, uku ndi uku, kenako chigamulo chinkatuluka.

"Iwe chipumi chako n'chachikulu kale. Ukufuna mizere yobwerera kumbuyo kuti tizikuona maganizo? Ndikuluka yotsikira pambali."

Wa nkhope yozungulira ankamukwezera tsitsi pamwamba, wa nkhope yaitali ankamugonekera m'mbali mwa makutu. Neba wathu MaNcube, mayi wachindebele wokonda zatsopano, anabwera tsiku lina ndi dayi wachikasu amene anamugula ku Livingstone. Agogo anangomuyang'ana n'kumuika pansi. "Uyu mukapakire mpanda. Khungu lanu likufuna wofiirira." MaNcube anapita atakwiya, koma sabata yotsatira anabwera ndi wofiirirayo, ndipo anawakhala mpaka amuna awo anayamba kubwera msanga kuchokera ku mowa. Za paudala yoyera pa nkhope yakuda agogo sankafuna n'kumva komwe: ankati ndi kutentha kwa kunoku, pofika ku tchalitchi munthu amakhala ngati wagwera pa phulusa. Mafuta ambiri m'mutu ankaletsanso, chifukwa fumbi la malasha limamatirira, ndiye madzulo pilo amakhala wakuda bii. Ife ana tikawayankha m'Chindebele ankatigogoda ndi chipeso pa liwombo mpaka tiyankhe m'Chichewa.

Koma tamverani zodabwitsa zake. Munthu amene ankalamulira mitu ya komboni yonse, mutu wake panalibe amene anauonapo. Duku la agogo silinkachoka. Ankasamba nalo pafupi, ankagona nalo, ndipo akafuna kusamalira tsitsi lawo ankadzitsekera kuchipinda, pazenera atatchingapo chitenje. Ife ana tinkatsutsana mpaka kumenyana: ena ankati ali ndi dazi, ena ankati ali ndi chipsera cha moto. Ine, mdzukulu wogona nawo nyumba imodzi, ndinkachita manyazi kuti sindikudziwa, ndiye ndinkangonama kuti ndinaona koma sindinganene.

Amayi ndi amene anandiuza zoona tsiku lina tikuchapa. Agogo aamuna, a Mbewe, anatsala pansi pa ngozi ya mu mgodi wa Kamandama, amayi ali khanda lakumsana. Mgodiwo anautseka anthu ali momwemo, ndiye panalibe mtembo, panalibe manda. Mwambo wa kwathu umati maliro akatha, achibale a mwamuna amameta mkazi wamasiye n'kumusudzula, ndiko kuti kumumasula kuti akhoza kukwatiwanso. Achibale a a Mbewe anali kutali ku Dedza, ndipo palibe amene anabwera. Choncho agogo sanametepo, sanavulenso duku pamaso pa munthu. Abusa ankabwera n'kupita pa tchalitchi chathu, aliyense ankawauza kuti ndi mfulu pamaso pa Mulungu. Agogo ankagwada mwaulemu n'kufunsa kuti, "Zikomo abusa, koma inu ndinu a kwa Mbewe?"

Tsono panali a Tembo. Anali bambo wamasiye wochokera ku Katete ku Zambia, amene anakalambira pa ntchito yolumikiza mabogi a sitima ku Thomson Junction. Mutu wawo unali dazi lokhalokha, losalala, loti dzuwa likawomba umatsinzina. Koma Loweruka lililonse ankafika pakhonde pathu atavala jekete m'kutentha konse kuja, n'kukhala pamzere pakati pa amayi, chipewa chili pabondo.

"Ndabwera kudzametetsa, Anabanda."

"Ndimete chiyani, a Tembo? Nsidze?"

Khonde lonse linkafa nacho chiseko. Komabe agogo ankawakhazika pa kampando kawo kenikeni, kamene wina aliyense sankakhalapo, n'kutenga lezala latsopano, n'kumasaka titsitsi tingapo kuseri kwa makutu, kenako n'kupaka mafuta pa dazipo pang'onopang'ono. Mutu wopanda tsitsiwo unkatenga nthawi yaitali kuposa mutu wa mkwatibwi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma sindinali wopusa.

Chaka chimenecho a Tembo anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya kuntchito, popeza anali atapuma kale, ndipo mwana wawo ankawaitana kuti abwerere ku Katete. Anadzanena pakhonde pomwepo, amayi onse akumva, lezala lili kuseri kwa khutu lawo.

"Anabanda, mvula ikayamba ine ndikupita kwathu. Koma inu mukati ndikhale, ndikhala. Chikamwini sindichiopa, ngakhale ndakalamba."

Palibe amene anaseka. Agogo anapukuta lezala pa chitenje, nthawi yaitali ndithu.

"Mutu wangawu uli ndi eni ake, a Tembo. Mukudziwa."

A Tembo anavala chipewa, anatsanzika bwinobwino, n'kupita. Loweruka lotsatira sanabwere. Linzake sanabwerenso, ndipo tinamva kuti pakhomo pawo pali loko.

Abale inu, mitu inavutika masabata amenewo. Agogo ankakoka tsitsi mpaka nsidze za munthu zinkakwera. MaNcube anadandaula kuti ku tchalitchi akulephera kutsinzina popemphera. Ine anandiluka mizere yolimba moti ndinkagona chafufumimba, ndipo nditalira anati, "Kukongola n'kupirira," mawu amene anali asanawanenepo, chifukwa iwo ankanyoza oluka mopweteka. Madzulo ankakhala pakhonde okha kuyang'ana njira ya ku siteshoni, sitima ikalira n'kudzuka kukasesa pamene asesa kale. Ndinkawamvera chisoni kwambiri, ndipo a Tembo ndinadana nawo.

Mitambo itayamba kusonkhana, Loweruka lina masana, ana anathamanga kuchokera kumsewu akukuwa kuti a Tembo atsika kombi, minibasi yochokera ku Victoria Falls. Anafika ataonda, jekete ili mbuu ndi fumbi, ndipo kumbuyo kwawo kunali mayi wachikulire wamfupi, atasenza kachikwama, akuyenda ngati mapazi atupa. Agogo anali pakati poluka munthu. Sanawayang'ane n'komwe a Tembo. Maso awo anali pa mlendoyo. Anadzuka, chipeso chinagwa, anapita n'kumugwira chibwano ndi zala ziwiri monga ankachitira ndi aliyense, n'kumutembenuzira ku kuwala.

"Chipumi ichi ndikuchidziwa," anatero.

Anali Anambewe, mlongo wawo wa agogo aamuna. A Tembo sanapite kukakhala ku Katete ayi. Anayamba afunsa madala akale a mumgodi dzina la mudzi wa a Mbewe, n'kudutsa kwawo, n'kuwolokera ku Dedza, n'kuyenda mudzi ndi mudzi mpaka anawapeza akupalira dimba. Anambewe anati uthenga wa ngozi unafika mochedwa, njira ya kuno panalibe woidziwa, ndipo makolo anamwalira akufunsabe za mlamu ndi kamwana kake. Analira pakhondepo amayi awiriwo, ndi amayi anga pakati pawo, pamene munthu wolukidwa theka uja anangokhala pa mkeka mutu uli nyankhalala, nayenso akulira.

M'mawa mwake amayi achikulire a ku tchalitchi anasonkhana m'nyumba, ndipo ine anandilola kulowa kuti ndigwire beseni la madzi. Agogo anakhala pansi, miyendo atatambasula. Anambewe anamasula mfundo ya duku. Mitu ya ana onse a komboni inali italakwa: panalibe dazi, panalibe chipsera. Linali tsitsi loyera mbee, lochuluka, lolukidwa bwino m'zingwe zonenepa zozungulizidwa pamutu, loti ndi maso okha unkadziwa kuti mwini wake ankalisamalira masiku onse popanda woliona.

"Mlamu," anatero Anambewe, "mlongo wanga mwamusunga mokwanira. Ife a kwa Mbewe tilibe nanu mlandu. Takumasulani."

Zingwe zija zinagwera pa chitenje chimodzichimodzi. Agogo anatsinzina, misozi ikutsika, mpaka lezala linafika pa nkhongo. Pamenepo anatsegula diso limodzi.

"Mlamu, lezala saligwira ngati khasu. Pendeketsani."

Nyumba yonse inaphulika ndi chiseko, ndipo nthungululu zinayambira pomwepo.

Ukwati wa agogo ndi a Tembo anauika patapita milungu yochepa, ndipo apa m'pamene makasitomala a agogo anapeza mpata wobwezera. Aliyense anabwera ndi uphungu wake. Wina anabweretsa wigi yaitali yofika m'mapewa, wina yopotanapotana, wina meshi, ngakhale panalibe pomangirira. MaNcube anabwera ndi dayi wakuda, ati mkwatibwi wa imvi sanamuonepo chibadwire. Ndinkayembekezera kuti agogo awathamangitsa onse ndi mawu awiri. Koma ayi. Anakhala patsogolo pa galasi n'kumavala wigi iyi, kuvula, kuvala inayo, ngati mwana wa sukulu. Sindinawaonepo akukayika chonchi, ndipo zinandiopsa.

Anthu atapita anandiitana.

"Tiya, bwera kuno. Ine ndaona nkhope za komboni yonse, koma yanga yopanda duku ndinaisiya ndili mtsikana. Iyi sindikuidziwa. Undionere."

Ndinkafuna kuseka, koma iwo sankaseka. Ndiye ndinachita chimene ndinakula ndikuchiona. Ndinawavula wigi, ndinawagwira chibwano ndi zala ziwiri, n'kuwatembenuzira kuzenera. Tsitsi linali litamera pang'ono, lalifupi, loyera, litagwira mutu bwinobwino. Khungu lawo linali lakuda kwambiri, masaya okwera, khosi lalitali limene duku linkalibisa, ndi makutu aang'ono obooledwa kalekale.

"Musavale kanthu, agogo. Ndolo zokha, ndi lipisitiki wofiirira ngati dayi wa MaNcube uja. Paudala ayi."

"Imvi zili pamtunda? Pa ukwati?"

"Zikukukhalani."

Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, akutembenuza khosi okha. Kenako anafwenthera.

"Chabwino. Ndiponso kuno ku Hwange dayi n'kutaya nthawi. Pofika ku tchalitchi fumbi likhala litadetsa lokha."

Silinadetse. Usiku woti mawa ndi ukwati kunagwa mvula yoyamba, fumbi lonse linagona, ndipo agogo anayenda wapansi kuchokera kunyumba mpaka ku tchalitchi, mutu uli pamtunda, ndolo zikugwedera, komboni yonse itatuluka m'makomo kudzaona mutu umene unawalamulira zaka zonsezo. MaNcube anaika manja m'chiuno n'kuvomereza mokweza kuti dayi wake akanaononga. Pakhomo pa tchalitchi a Tembo anavula chipewa, dazi lili ng'aning'ani ndi mafuta, ndipo anangoima kukamwa kuli yasa mpaka abusa anawakoka dzanja. Pa madyerero a Tembo anauza anthu kuti kuyambira tsopano Loweruka azisinthana: agogo azimeta iwo, iwo azimeta agogo. Agogo anati munthu wolumikiza mabogi sangawayandikire ndi lezala. Koma ndinawaona ndi maso angawa, Loweruka lililonse anthu asanabwere, agogo ali pa kampando, a Tembo ali kumbuyo ndi sizasi, akulangizidwa pa tsitsi lililonse.

Onse awiri anapita tsopano, motsatizana, ndipo ali ndi manda oti tikhoza kukawasesa. Ine ndili ndi kasaluni kanga ku Bulawayo. Atsikana amabwera ndi zithunzi pa foni, ati ndikufuna ili, ndipo ine foniyo ndimaiika pambali kaye n'kuwagwira chibwano. Ena amakwiya, ambiri amabweranso. Duku lija agogo sanalivalenso: analisandutsa kansalu koika pamapewa a munthu pometa. Lasuluka, m'mphepete lasosoka, ndipo antchito anga amati likuchititsa manyazi saluni. Ndimawalola kunena. Koma akalowa mayi wa imvi, atagwira dayi wakuda m'manja, maso ali pansi, ine ndimatsegula kabati, ndimatenga duku la agogo n'kumuyala pamapewa, kenako ndimamutembenuzira kuzenera.