Lumo la a Herbert

Inu amene mukuti zanu zavuta, imvani za Esitere wa ku Chikamveka. Sindikometsera, ndinena momwe zinayendera.

Tsiku limene zinthu zinafika poipitsitsa, Esitere anali atagwada pakhonde, thaulo lili magazi okhaokha m'manja mwake. Amuna ake, a Herbert, anali pampando, tsaya litachekekachekeka, misozi ikutsikira m'thovu la sopo. Kudandaula sakanatha. Sitiroko inali itawapha mbali yonse yakumanja n'kuwamanga lilime.

A Herbert anagwira ntchito yoperekera zakudya pahotela ina pamwamba pa phiri la Zomba kuyambira ali mnyamata. Munthu wa ntchito imeneyo sayenda ndi ndevu. M'mawa uliwonse ankameta ndi lumo lachitsulo limene mlendo wina anawasiyira, lolemera bwino m'dzanja, loikamo lezala wamba wa m'golosale. Chidwalireni ndevu zinangoti nyankhalala, ndipo anayamba kukana kutuluka panja. Makina a kubabashopu ankawatulutsa tizilonda, komanso wowanyamula kukafika kumeneko panalibe. Ndiye Esitere anati ayese yekha.

Pakhosi pa lumolo pali kamphete kolembedwa manambala, kuyambira wani mpaka naini. Esitere anaganiza kuti n'chimodzimodzi wailesi, nambala yaikulu ndiye mphamvu. Anapotokola mpaka pa naini, n'kukanikiza ngati akupala mamba a nsomba za ku Chilwa.

Nthawi yomweyo ndi imene a Frank, akulu awo a wodwalayo, anatulukira pabwalo.

"Alamu, mukumeta kapena mukusenda?"

"Ndimafuna aoneke bwino, alamu."

"Kuoneka bwino kwake n'kumeneku? Ntchito mulibe, chakudya n'chopempha, pano mwayamba kumupweteka. Tikakolola ndibwera ndi galimoto. Munthuyu ali ndi kwawo, alongo ake akamusamala."

Esitere anadziwa tanthauzo lake. Kumudzi kwa amuna ake iye akanakhala mlendo wopanda ndi mphika womwe, ndipo a Herbert akapita kumeneko sakanabwerakonso.

A Frank atachoka, Esitere anaponya lumo m'beseni n'kuyamba kulira. Ali mkati molira anamva kugogoda. A Herbert ankamenya mpando ndi dzanja lamanzere, maso ali pa beseni. Atawapatsa lumolo, analipana ndi mawondo, n'kumasula pang'ono kunsi kwa chogwirira. Kenako chala chachikulu chinayamba kubweza kamphete kaja. Eyiti. Seveni. Sikisi. Analikweza kudzuwa kuti mkazi wawo aone, ndipo atavutika kwa kanthawi, liwu limodzi linatuluka.

"Chepetsani."

Nkhani ya lumo limeneli ndi yaifupi. Pansi pa lezala pali kachitsulo kotchinga khungu. Kamphete kaja ntchito yake n'kukulitsa kapena kuchepetsa mpata wa pakati pa ziwirizi. Pa wani mpata ndi wochepetsetsa, lezala amangosuzumira, sacheka munthu koma amasiya zitsa. Pa naini mpata uli yasa, amadya ndevu zolimba kamodzi, koma dzanja likalakwa amadya ndi nyama yomwe. Umamasula kaye kunsi, n'kusankha nambala, n'kumanganso. Ndipo sukanikiza. Kulemera kwa chitsulocho n'kokwanira.

Esitere sanafune kuphunzirira pankhope ya amuna ake kachiwiri. Anakapempha chikopa cha mbuzi kwa wogulitsa nyama, n'kuchiyala pa mtondo wovundikira, n'kumachimeta ndi malezala akale, nambala iliyonse payokha, mpaka dzanja litazolowera.

"Amake Luso, mbuziyo ikupita kuukwati?" ankatero aneba akamadutsa.

Iye ankangopitiriza kumeta chikopacho.

Mabala atapola anawametanso a Herbert, pa faifi m'masaya, pa thuu pakhosi. Magazi sanatuluke ngakhale dontho. A Herbert anadzigwira chibwano, n'kuloza jekete lawo lomwe linali pamsomali. Tsiku limenelo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akukwezera dzanja aliyense wodutsa.

Mmodzi wa odutsawo anali Kulusumu, mayi wogulitsa tomato. Anaima n'kuyang'anitsitsa.

"Wawameta ndani bambowa?"

"Ndine."

"Ababa anga ali gone ku Songani. Ometa amakana kubwera kunyumba, akuti makina awo amafuna magetsi. Simungapite?"

Anapita. Nkhalambayo khungu lake linali ngati pepala, ndiye anaika pa wani n'kubwereza kawiri modekha. Itadziona pagalasi inaseka, mkamwa mopanda mano.

Mbiri inayenda. Ku Masongola, ku Chikamveka komweko, paliponse pamene panali bambo wogona amene ana ake ankaopa kumugwira ndi lezala, ankatuma uthenga kwa Esitere. Malamulo ake anali awiri: munthu aliyense lezala wake watsopano, lumo liwiritsidwe. Magetsi akathima, ndi amuna abwinobwino omwe ankabwera pakhonde. Onyoza sanasowe. Ena ankati mkazi waulemu sagwira zibwano za amuna a eni ake. Koma m'nyumba munayamba kupezeka chakudya, mankhwala a a Herbert osadukiza.

Chimanga chitalowa m'matumba, a Frank anabweradi ndi galimoto. Anapeza madoda ali pabenchi kudikira, Esitere ali pantchito, mng'ono wawo ali mu jekete, nkhope ili see.

"Alamu, longedzani katundu wake."

Esitere sanaimitse dzanja. "Afunseni eni ake, alamu. Lilime ndi limene linafa, makutu ndi abwinobwino."

A Frank anawerama. "Herbert, tiye kwathu."

A Herbert anamenya mpando ndi dzanja lamanzere lija. "Pano."

A Frank anayang'ana nkhope ya m'bale wawo. Kenako anadzisisita chibwano. "Ndiye galimotoyi ndaibweretsera chiyani?"

"Khalani pabenchipo, mubwerere mutameta. Zanuzo n'za pa seveni."

Madoda aja anaseka. A Frank anakhala, ndipo galimoto inabwerera yopanda wodwala.

Ndikanakonda kukuuzani kuti a Herbert anachira, koma ndanena kale kuti sindikometsera. Thupi linapitirira kutha, ndipo Esitere ankaliona kuthako pa kamphete. Pamene ankameta pa faifi panayamba kufuna pa fili. Mvula isanagwe anali pa thuu. Sanauze munthu. Ankangopotokola mwakachetechete, atatembenukira kumbali kuti amuna ake asaone nambala.

M'mawa wina wa mu Januwale, nkhungu itakuta phiri lonse, anaika pa wani. Ngakhale pamenepo khungu linafiira. Pansi pa wani palibe nambala ina. Anamaliza bwinobwino, n'kuwapukuta, n'kuwadzoza mafuta. A Herbert anamugwira dzanja, lumo lili momwemo, osalisiya msanga.

Anamwalira sabata yomweyo, m'nyumba mwawo, mutu uli pamiyendo ya mkazi wawo. Adzukulu atabwera kudzakonza thupi sanapeze ndevu zoti amete. A Frank ndi amene anaimirira pamaliro n'kunena kuti m'bale wawo anasamalidwa.

Lero Esitere ali ndi kashedi ka malata pambali pa nyumba, ndipo anaphunzitsa amayi ena, Kulusumu mmodzi wa iwo, kuyendera odwala amene iye sangafikeko. Amalirabe, zimenezo musakayike. Akaweruka amatsuka lumo, n'kuliumitsa, n'kubweza kamphete pa faifi, nambala ya amuna ake ya tsiku lija anafunsa jekete. Akatero amaliika m'kabati.

Ndiye inu amene mwayesa kamodzi n'kuona magazi, musathamangire kunena kuti si ntchito yanu. Esitere anayamba n'kucheka munthu amene ankamukonda kuposa onse, pamaso pa mlamu wake. Akanalisiya lumo m'beseni muja, amuna ake akanakafera kutali, ndevu zili nyankhalala. Pukutani misozi, tolani chimene mwaponyacho, muone pamene munalakwitsa, muchepetse, muyambirenso. Mtima wokhawo musautaye.